Chete wogula ndi ndalama: ndemanga ya buku la Mack Hagood

Buku la Mack Hagood lotchedwa Hush: Media and Sonic Self-Control, limene a Duke University Press anatulutsa mu 2019, likukamba za khalidwe limene tonse timaliona koma sitiliganizira kwenikweni: munthu kudziika mawu m'khutu, cholinga chake chisali kumva uthenga, koma kuthawa mawu ena. Hagood amaphunzitsa pa Miami University ku Ohio, m'dziko la America, ndipo iye mwini ali ndi vuto la khutu lolira. Chimene chikumuvuta m'bukuli n'chakuti anthu adzakhala otani aliyense akapeza njira yosankhira zoti khutu lake limve. Ine ndinaliwerenga ndili ndi funso laling'ono kuposa limenelo, lakuti mahedifoni oyenera munthu wa kuno ku Chiparamba, womvera nyimbo ndi kusewera magemu pafoni, ndi ati pakati pa otseka ndi otsekuka kumbuyo. Bukuli siliyankha funso langali, ndipo dandaulo limeneli ndilifikira. Komabe mukalimaliza, funsolo simulifunsanso monga munkalifunsira kale.

Msana wa buku lonse ndi nthano ya Agiriki akale. Jason ndi anzake, ali pa ulendo m'ngalawa yawo Argo, anayenera kudutsa pafupi ndi chilumba cha a Siren, amene nyimbo yawo inkakopa amalinyero mpaka kukafera komweko. Orpheus, woimba wa m'ngalawamo, anatenga zeze wake n'kuimba mokweza, anzake osamvanso nyimbo yokopayo, ngalawa n'kudutsa. Hagood akuti zipangizo zambiri za masiku ano zatenga ntchito ya Orpheus, yogonjetsa mawu ndi mawu anzake. Mitu ya bukuli ilipo 6, ndipo waigawa patatu motsata njira zimene anthu amachitira zimenezi: kupondereza mawu a m'mutu mwawo, kuphimba phokoso ndi phokoso lina, ndi kulifafaniziratu.

Mutu woyamba ndiwo wandigwira mtima kuposa yonse. Ukunena za khutu lolira, vuto limene madokotala amalitcha tinnitus. Aliyense amene anamwapo kwinini pa malungo aakulu akudziwa kulira kumeneku, kumangoti nziii popanda chochilizitsa. Kwa ambiri kumatha mankhwala akatha m'thupi. Kwa ena, makamaka amene makutu awo anaonongeka ndi phokoso kapena ukalamba, kumakhala kwa moyo wonse. Hagood anayenda m'zipatala za makutu ndi m'magulu a anthu odwala vutoli, ndipo chimene anapeza n'chodabwitsa: kulirako kumakula pamalo pachete. Ubongo ukasowa mawu ochokera kunja umadzikwezera wokha mphamvu yomvera, n'kuyamba kumva zimene palibe. Choncho wodwala amene amathawa phokoso lililonse n'kumadzitsekera m'nyumba amangodziwonjezera mavuto. Akufotokozanso njira ya katswiri Pawel Jastreboff, yophunzitsa ubongo kuti uzolowere kulirako ndi kusiya kukuopa, mothandizidwa ndi kamkokomo kofatsa koikidwa m'khutu. Apa m'pamene pagona mfundo ya buku lonse. Chimazunza munthu si kukula kwa mawu kokha ayi, komanso mantha amene ali nawo pa mawuwo. Ndipo ukazolowera kudzitchinjiriza, kaphokoso kamene kale sunkakamva n'komwe kamayamba kukusowetsa mtendere. Wolemba salankhula ngati wongoonerera. Akudziwa kugona usiku khutu likulira, ndipo chifundo chake pa odwala chikuoneka pa tsamba lililonse.

Gawo lachiwiri ndi mbiri ya malonda a ku America, ndipo owerenga a kuno akhoza kulidutsa mofulumira. Muli nkhani ya James Buckwalter, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anapanga kamakina ka Sleep-Mate, kotulutsa mkokomo wa mpweya kuti munthu agone osamva za chipinda choyandikana. Muli Irv Teibel, amene mu 1969 anatulutsa chimbale cha mafunde a nyanja okhaokha, atawakonza ndi kompyuta kuti amveke ngati nyanja kuposa nyanja yeniyeni, anthu n'kuchigula mwaunyinji. Kenako akubwera pa mapulogalamu a pafoni oimba mvula ndi mabingu kuti ogwira ntchito m'maofesi aike maganizo pa ntchito. Ndinaseka ndekha poganiza kuti kwinaku anthu amalipira kuti amve mvula ikugwa padenga, pamene ife mu Januwale imatilepheretsa kumvana m'nyumba za malata.

Mutu wa Bose ndiwo wolembedwa mwaluso kwambiri. Mu 1978 Amar Bose, katswiri wa pa yunivesite ya MIT, ali m'ndege kuchokera ku Ulaya, anakhumudwa poona kuti mkokomo wa injini ukumeza nyimbo za m'mahedifoni amene anamupatsa. M'ndege momwemo anayamba kulemba masamu a njira yothetsera vutoli. Kagwiridwe kake n'kosavuta kukamvetsa: kamaikolofoni kakang'ono kamatola phokoso lakunja, chipangizo n'kupanga funde la mawu lotsutsana nalo ndendende, awiriwo akakumana pakhutu amathana mphamvu. Oyamba kupindula anali oyendetsa ndege. Mahedifoni a QuietComfort, a anthu wamba, anatuluka mu 2000. Hagood sakutsutsa luso limeneli. Chimene akuchita n'kuyang'ana zotsatsa malonda ndi ndemanga za ogula, n'kufunsa kuti phokoso limene akuthawalo ndi la yani. Wogula amene ankamujambula kawirikawiri anali bambo wa bizinesi wa paulendo, ndipo zomusokoneza zinali khanda lolira, mayi wolankhula, mnzake wa pampando wofuna kucheza. Chodabwitsa n'chakuti lusoli limagonjetsa bwino mkokomo wosasintha wa injini kusiyana ndi mawu a anthu, komabe chimene ogula ankalakalaka kwenikweni chinali kuchotsa anthuwo. Ndege zadzaza, mipando yafinyana, maulendo akuchedwa. Mmalo moti apaulendo adandaule pamodzi, aliyense amagula kachipinda kake kosaoneka n'kuloweramo yekha. Amene alibe ndalama amatsala ndi phokoso lonse.

Mutu wotsiriza ukutembenuza nkhaniyo. Kampani ya Beats, imene anayambitsa Dr. Dre ndi Jimmy Iovine ndipo a Apple anaigula mu 2014 pa mtengo wa madola 3 biliyoni, inatulutsa zotsatsa zoonetsa akatswiri a masewera achikuda monga Kevin Garnett, Colin Kaepernick ndi Richard Sherman akudutsa pakati pa khamu lowanyoza kapena atolankhani owapanikiza, iwo n'kuvala mahedifoni, phokoso lonse zii. Pano wothawa phokoso salinso wolemera wonyansidwa ndi anzake, koma munthu amene akudziteteza ku tsankho. Hagood akuvomereza kuti chitetezo chotere n'chenicheni, koma akufunsanso ngati kutseka makutu kumachotsa wonyozayo. Yankho lake n'lodziwikiratu, ndipo Kaepernick yemweyo analisonyeza mu 2016 pamene anayamba kugwada pabwalo poimbidwa nyimbo ya fuko, potsutsa nkhanza za apolisi. Pamenepo sanabisale, anachititsa dziko lonse kumumva.

Tsopano dandaulo langa. Buku lonena za mmene mahedifoni amatilekanitsira ndi anzathu lilibe mutu ngakhale umodzi wa mahedifoni amene anapangidwa dala kuti asatseke kanthu. Mtundu umenewu si wachilendo. A Sennheiser a ku Germany anatulutsa HD 414 mu 1968, ya timasiponji tachikasu, ndipo inagulidwa kwambiri padziko lonse. Mpaka lero ambiri okonda kumvetsera nyimbo modekha amasankha otsekuka, monga HD 600 imene inatuluka mu 1997 ndipo ikugulitsidwabe. Kasipika ka m'hedifoni kakamanjenjemera kamatulutsa mawu mbali ziwiri, kutsogolo kumene kuli khutu ndi kumbuyo. Mu otseka, mawu akumbuyowo amatsekeredwa m'kachikho, amagunda makoma n'kubwerera, ndipo wopanga akapanda kusamala amadetsa nyimbo. Mu otsekuka, kumbuyoko kuli kawaya koboolaboola, mawu amangotuluka n'kupita. Phindu lake n'lakuti nyimbo imamveka yopepuka, yotakasuka, ngati ikuchokera kunja kwa mutu pang'ono. Mtengo wake ndi utatu: besi yakuya kwambiri imachepa, a pafupi nawe amamva zimene ukumvera, ndipo iwenso umamva zonse zochitika pabwalo.

Muphwa wanga amene akuphunzira ku Chipata anabwera nawo otere pa holide, a salaula ochokera ku Lusaka, siponji yake itayamba kale kuyoyoka. Anandiveka ndili pakhonde.

"Amalume, tamverani kwaya iyi, mundiuze a besi aima mbali iti."

Inali nyimbo ya kwaya ya mpingo wa Reformed, yojambulidwa bwino. A soprano ndinawamva kumanzere, a besi cha kumanja, ndipo pakati pa mavesi kupuma kwa oimba kunkamveka. Timaiyefoni tanga ta masiku onse, timene timagulitsidwa pa msika wa Kapata pamodzi ndi machaja, timaunjika oimba onsewo pakati pa mutu. Anandiikiranso nyimbo za Paul Ngozi, gitala yake yokalipa ija n'kumveka payokha osaphimba mawu. Koma ataika amapiano, iye mwini anakwinya nkhope. Kugunda kwakuya kumene achinyamata amafuna kukumva m'chifuwa kunalipo, koma kowonda. Pa ng'oma za gule zinali chimodzimodzi: mbalule inkalankhula momveka, gunda ikumveka ngati ili kutsidya kwa dambo. Nthawi yonseyi ndinkamva nkhuku pabwalo ndi azakhali ake akutsuka mbale kuseri, ndipo iwo ali komweko anafunsa kuti kwayayo ndi ya kuti.

Pa magemu mpofunika kulankhula mosamala, chifukwa ogulitsa amakokomeza. Wosewera PUBG Mobile kapena Free Fire amafuna kudziwa kumene mapazi a mdani akuchokera. Ubongo umadziwa mbali poyerekeza makutu awiri: mawu ochokera kumanja amafika khutu lamanja msanga, ndi kusiyana kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo amafika okwererapo chifukwa mutu umatchinga khutu linalo. Za kutsogolo, kumbuyo ndi kumwamba zimadalira mmene makwinya a khutu lakunja amasinthira mawu. M'gemu, zonsezi amaziwerengera ndi pulogalamu ya gemuyo. Hedifoni imangopereka zimene yapatsidwa. Chotero otsekuka salenga mbali imene gemu sinaikemo. Chimene amathandiza n'chakuti besi ya mabomba siimeza timawu ting'onoting'ono ta mapazi, makutu satuluka thukuta msanga m'kutentha kwa Okutobala, ndipo wosewera amamva mawu ake omwe, motero sakuwa polankhula ndi anzake a m'timu. Amene anagonapo nyumba imodzi ndi mnyamata wovala otseka akusewera usiku akudziwa kukuwa kumene ndikunena. Koma onani akatswiri a mipikisano ikuluikulu ya magemu: pabwalo lodzaza anthu amavala timaiyefoni m'kati, pamwamba n'kuvalanso mahedifoni otchinga phokoso. Otsekuka amafuna malo achete. M'kashopu ka magemu, jenereta ikulira panja ndipo anyamata akukanganirana FIFA, alibe ntchito.

Palinso zina zimene wogula wa kuno ayenera kudziwa. Ambiri mwa otsekuka alibe maikolofoni, ndiye wosewera ndi anzake ayenera kupeza yapadera. Ena amafuna mphamvu yoposa imene foni wamba imatulutsa: HD 600 ndi ya ma ohm 300, pamene Philips SHP9500 ndi ya ma ohm 32 ndipo foni imaikwanitsa. Kawaya koboolaboola kaja kamalowetsanso fumbi, ndipo mphepo ya mu Ogasiti kuno siichita manyazi. Osawasunga m'kathumba sangakhalitse.

Zimenezi zikanalowa bwanji m'buku la Hagood? Zikanamupatsa chitsanzo cha chipangizo chimene chimakupatsa nyimbo yako osakuchotsa pakati pa anthu, ndipo zikanayesa mfundo yake pamalo ovuta. Kumudzi khutu si la mwini yekha. Mlendo akaima pabwalo n'kunena "Odi!" kawiri osayankhidwa, pamene mwini nyumba ali m'kati maso ali gwa pafoni, nkhani imakafika kutali. Mfuu ya moto, ng'ombe zikalowa m'dimba la wina, kulira koyamba kwa amayi kodziwitsa kuti m'mudzi mwagwa zovuta, zonsezi zimafuna kuti munthu azimve ndi kudzuka. Maliro akagwa, wailesi za pafupi zimazimitsidwa popanda wolamula. Achinyamata athu anapeza kale njira yawo: iyefoni imodzi m'khutu, khutu linalo lotsekula, kapena imodzi kwa iwe inayo kwa mnzako, mutakhala phewa ndi phewa pa benchi ya pagolosale. Nyimbo imatayika theka, koma munthu amakhalabe pakati pa anzake. Kwa ine mahedifoni otsekuka ndi njira yomweyo yochitidwa mwaluso, makutu onse awiri akumva nyimbo yathunthu, odi n'kumalowabe. Hagood akulakalaka kuti anthu aphunzirenso kumvetsera zimene sanasankhe, ndipo akadafika kuno akadapeza anthu amene sanasiye.

Koma ndisakometse mudzi mopitirira. Kutsekuka komweko kuli ndi msonkho wake. M'nyumba ya zipinda ziwiri, khoma losafika kudenga, mfuti za m'gemu zotuluka m'mahedifoni otsekuka zimadzutsa agogo. Pamenepo wovala otseka ndiye waulemu, chifukwa wasunga phokoso lake kwa iye yekha. Mbali imeneyi, ya kutseka pofuna kuteteza ena, bukuli silikuipatsa malo okwanira, popeza maso a wolemba ali pa munthu wodziteteza yekha.

Dandaulo lachiwiri n'lokhudza thanzi, ndipo apa ndikusiyana ndi Hagood kwambiri. Phokoso lina si mnansi wofuna kucheza. Mnyamata wogwira ntchito pachigayo tsiku lonse, wowotcherera zitsulo, kapena wokwera basi ya maola ambiri pa Great East Road kupita ku Lusaka, sipika ili pamwamba pa mutu wake, sakuthawa anthu. Makutu ake ali pangozi. Bungwe la World Health Organization linachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lonse akhoza kuonongeka makutu chifukwa cha kamvedwe kosasamala, ndipo muyezo umene linakhazikitsa pamodzi ndi International Telecommunication Union ndi wakuti wamkulu asapitirire ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata, mwana ma decibel 75. Mukakweza ndi ma decibel 3 okha, nthawi yololedwa imatsika ndi theka. Tsono wovala otsekuka pamalo aphokoso amakweza voliyumu kuti agonjetse phokosolo, ndipo mapeto ake ndi khutu lolira lija la m'mutu woyamba. Pamalo otere, otseka kapena ofafaniza phokoso ndiwo amalola munthu kumvera motsitsa. Hagood akudziwa zimenezi, ndipo sanena kuti zipangizozi zitayidwe, koma mtima wa buku lake umapendekera ku kuzikayikira, moti wowerenga wosasamala angatuluke akuganiza kuti kutchinga makutu nthawi zonse ndi kudzikonda. Kwina n'kudzisamala basi. Za okwera njinga amene amatsetsereka kulowa m'tauni ya Chipata makutu onse awiri atatseka, lole ikuimba hutala kumbuyo, imeneyo ndi nkhani ina. Akuluakulu anati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Kalembedwe ka bukuli kali pawiri. Pamene akusimba za anthu, Buckwalter ndi kamakina kake, Teibel ndi mafunde ake, odwala a m'zipatala, Hagood ndi wokamba nkhani wokoma ndipo masamba amayenda okha. Pamene akulankhula ndi akatswiri anzake a m'mayunivesite, makamaka m'mawu oyamba, Chingerezi chake chimalemera, ziganizo zimatalika, ndipo mayina a anthanthi amachuluka. Wowerenga wa Giredi 12 adzavutika pamenepo. Langizo langa n'lakuti muyambire pa mutu wa khutu lolira, mupite kwa Bose ndi Beats, mawu oyambawo muwabwerere pomaliza. Dziwaninso kuti zitsanzo zake pafupifupi zonse ndi za ku America, dziko la maofesi, ndege ndi nyumba zimene munthu amagona yekha m'chipinda. Afirika mulibemo. Sindikumuimba mlandu pa zimenezi, poti aliyense amalemba za kwawo, koma zikutanthauza kuti buku la mmene ife timamvera, kuchokera pa wailesi ya mabatire yozunguliridwa ndi banja lonse kumvera Breeze FM kapena Radio Maria kufika pa foni ya m'thumba ya munthu mmodzi, likudikirabe wolemba wake.

Amene akufuna kuuzidwa mtundu wa mahedifoni woti agule asataye ndalama pa Hush. Malangizo otere mulibe. Kwa iye ndinganene zanga mwachidule: ngati muli ndi malo achete, mumakonda kwaya, gitala ndi mawu a anthu, ndipo mukufuna kumva mwana akalira kapena mlendo akaodira, otsekuka adzakukomerani pa nyimbo ndi pa magemu omwe. Ngati mumagona chipinda chimodzi ndi ena, mumayenda m'mabasi, kapena moyo wanu ndi besi, gulani otseka ndipo muzitsitsa voliyumu. Koma aphunzitsi, azaumoyo, ogwira ntchito pa wailesi, abusa ndi makolo amene akudabwa kuti ana awo alowa m'dziko liti akavala zinthuzi, bukuli ndi lawo. Ndi lolemera, lili ndi mipata imene ndaitchula, komabe ndi buku loona mtima lolembedwa ndi munthu amene nkhani ya khutu imamukhudza m'thupi. Malaibulale a makoleji a ku Chipata aliitanitse.